Nambala za Kumalire

Kamiyawo wa wogula wa ku Beira, galimoto yaikulu yonyamula katundu, ankayembekezeka Lachisanu, koma theka la alimi a mbatata ya kachewere a ku Domwe linali lisanalandire uthenga woti likumbe. Wogulayo anali ataneneratu mosapsatira kuti kamiyawo akabwereranso wosadzaza, kuno sadzapondakonso.

"Natércia, tsegula seruvidoriyo ukonze msanga," anatero a Timóteo, apurezidenti a bungwe la alimiwo, amene ankaona ngati komputadori imachira ukaikalipira. Seruvidoriyo inali komputadori yaikulu yotumiza mauthenga kwa alimi, ndipo Natércia ndiye ankaisamalira.

"Yeniyeniyo sindiikhudza, abambo. Chala chikangoterereka, uthenga upita ndi tsiku lolakwika, anthu akumba nthawi isanakwane, mbatata n'kupsa ndi dzuwa."

Natércia ankaidziwa ntchito yake, ndipo kudzichepetsa kwabodza analibe nako nthawi. M'kati mwa seruvidori yomweyo anapanga komputadori yongoyerekeza, ija amati makina virtuwali, n'kukoperamo pulogalama yotumiza mauthenga pamodzi ndi nambala zonse za alimi. Anaipatsa memoriya yokwanira. Anaidulira redi, netiweki ija, kuti ibwebwete mmene ingafunire popanda mawu kutuluka panja. Kenako anaitchera kuti izinena chilichonse chimene ikuchita, ngakhale chochititsa manyazi.

Sinachedwe kuulula. Nambala zoyamba ndi 258, za m'dziko muno, inkazitumizira bwinobwino. Ikafika pa yoyamba ndi 265, inkangoiponya kumbali mwakachetechete ngati mbatata yowola.

Natércia anaseka mpaka a Timóteo anakwiya.

"Chosekesa n'chiyani?"

"Alimi athu akumalire ali ndi nambala za ku Malawi, abambo. Makinawa akuwayesa alendo."

Zinalidi choncho. Wolemba pulogalamayo anailembera ku Maputo, ndipo mwachionekere anali asanaimepo pachulu, telefoni m'mwamba, kupempha redi. Kumalire redi ya ku Dedza ndiyo imalowa mpaka kuchipinda, ndiye mlimi wanzeru zake amagula nambala ya komweko. Mlandu wake uli pati?

Anasintha mzere wa m'pulogalamamo umene unkasankha anthuwo, n'kuyesa m'komputadori yoyerekeza ija mpaka nambala zonse zinadutsa. Apo m'pamene anakhudza seruvidori yeniyeni, mtima uli m'malo.

A Timóteo anali asanamalize kung'ung'udza pamene telefoni yawo inalira. Anali mayi Rufina, a munda wotsiriza kumalire, ndipo mawu awo ankamveka ofesi yonse.

"Uthenga wafika, apurezidenti! Ife tinkati mwatitaya. Mawa tikumba mudzi wonse. Muwauze a ku Beirawo, kamiyawo mmodzi sakwana."