A Filipo Aloweza Bayoloje

"Kweza mawu iwe, akumve mpaka a ku Limbuli!" anatero a Filipo, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, mapazi ali m'beseni.

Marjory anakweza. "The heart has four chambers..."

Masana alionse zinali choncho. A Filipo akaweruka kothyola tiyi ku esiteti, ankaitana mwana wawoyu kuti awawerengere buku la Bayoloje mokweza. Iwo kusukulu sanapondeko, Chizungu sankamva ngakhale cha moni, koma mutu ankagwedeza ngati a jaji kkkk. Chinali chaka cha 1984, Marjory ali Fomu 2, mayeso a JC atatsala miyezi itatu. Ndipo amalume ake a Pilato anali atanena kale poyera kuti akalephera, sukulu yathera pomwepo, dengu la tiyi likumudikira.

Koma mtsikanayu anali ndi kachinyengo kake. Peji 41 anali atailoweza yonse, ndiye tsiku lililonse ankangotsegula pomwepo, pakamwa pakuyenda pokha, maso ali kumsewu kuona odutsa pa njinga. Miyezi iwiri yathunthu, peji yomweyo!

Lachisanu lina aphunzitsi a Bayoloje, a Morris, anaitanitsa kholo. A Filipo anavala jekete lawo la ku tchalitchi, khadi la chipani m'thumba, ulendo. Marjory pambuyo.

"Bambo, mwanayu mutu ali nawo," anatero a Morris, "koma mayeso apitawa walephera moipa. Kunyumba sawerenga."

Eee, a Filipo anaimirira.

"Sawerenga? Aphunzitsi, musandinyoze. Ndikuuzeni zimene amawerenga?"

Anakonza kolala, manja kumbuyo, n'kuyamba: "Ze hati hazi fo chembazi. Ze raiti etiriyamu, ze lefuti etiriyamu..." Anapita nayo peji yonse osapunthwa, mpaka ndi pamene Marjory amapumira, iwonso anapumira pomwepo kkkkk. Aphunzitsi ena awiri anasiya kuchonga makope. A Morris anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Pitirizani bambo."

"Yathera pamenepo. Kenako amayambiranso."

"Tsiku lililonse?"

"Eya. Ine ndimayesa ndi mmene Chizungu chimakhalira, ngati nyimbo ya ku tchalitchi, kolasi n'kumabwereza."

A Morris anatenga buku lija m'manja mwa Marjory. Linangodzitsegukira lokha pa 41, pepala lakuda bii ndi zala. Kutsogolo konse koyera mbee ngati angoligula kumene.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero. "Bambo, anzake ali pa peji 96."

Kuseka kunatha. A Filipo anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Marjory, ine kuthyola mzere umodzi wa tiyi miyezi iwiri, kapitawo angandisiye?"

"Ayi ababa."

"Nanga?"

"Kutsogoloko mawu ake ndi ataliatali," anayankha, misozi ili lengelenge. "Ndimachita chibwibwi. Ndimaopa kuti mundiseka."

"Ndikuseke ine? Ndikudziwapo chiyani? Ukanatukwana agogo ako m'Chizungu ndikanawomba m'manja!"

Apa ndiye ngakhale Marjory anaphulika nako kuseka, mamina ndi misozi pamodzi.

"Safunsa anadya phula, mwana iwe," anatero a Morris. "Bambo, Chizungucho chisiyeni. Akawerenga, atseke buku, akuuzeni m'Chichewa zimene wawerengazo. Inu mukamva, ndiye kuti iyenso wamva. Mawu omuvuta alembe, abwere nawo kwa ine m'mawa."

"Tiyeni tiyesere pompano," anatero a Filipo. "Iwe, zimene ndayimba zija zikuti bwanji?"

"Zikuti mtima uli ndi zipinda zinayi."

"Zinayi? Kuposa nyumba yathu! Ndiye ine ndakhala ndikuyenda ndi nyumba ya bwana pachifuwa osadziwa?"

Mawa lake ataweruka, a Filipo anakhala pamalo pawo paja, koma pambali pa beseni panali kambale ka makala osinja onyowetsa. Ati ku esiteti polandira malipiro amadinda ndi chala, apanso azidinda. Peji ikamveka, chidindo pakona. Yodindidwa saibwerezanso.

Marjory anatsegula 42. Anachita chibwibwi pa mzere woyamba, wachitatu, wachinayi. Palibe anaseka. Njinga zinadutsa zisanu, iye osadzutsa mutu. A Pilato anatulukira, anaima pang'ono kumvetsera.

"Alamu, mwasanduka aphunzitsi? Dengu lija ndalisunga bwino."

"Muziikamo chinangwa," anatero a Filipo osatembenuka. "Tseka buku, Marjory. Wati magazi akatuluka mumtima amapita kuti?"

"Amapita... m'thupi."

"M'thupi muti? Thupi ndi lalikulu ili."

Marjory anakanda m'mutu. Anayang'ana kambale ka makala, anayang'ana bambo ake. Iwo anapinda chala chawo chachikulu n'kuchibisa m'khwapa.

"Werenganso, mayi. Chala ichi sichidinda zaulere."

Anawerenganso, kachiwiri, kachitatu. Atatseka buku anati, "Amayamba apita kumapapo kukatenga mpweya, ndiye n'kubwerera."

A Filipo anapuma mpweya waukulu, dzanja pachifuwa, ngati akufuna awamve magaziwo akudutsa. Kenako anaviika chala m'makala, n'kudinda pakona pa 42.