Chifunga m'Magalasi a Kabawi

Wokonza mawotchi ndi makamera uja analozetsa magalasi oonera patali aja kuwindo, kenako anapukusa mutu.

"Mayi, munawapukuta ndi chiyani?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Anaulula kuti miyezi itatu yapitayo anawatsuka ndi sopo waufa wokwechera mapoto. Anali ataona kamtundu kofiirira pagalasi, n'kuganiza kuti ndi mafuta a zala. Anakwecha mpaka kanachoka, ali wonyadira kuti wathandiza.

Magalasiwo anali a amuna ake, amene ntchito yawo inali yoperekeza alendo kudambo kukaona mbalame. Anzawo ankawatcha a Kabawi, chifukwa ankatchula dzina la mbalame ili kutsidya ena asanaone n'komwe mtengo umene yatera. Koma masiku amenewa a Kabawi ankabwera kunyumba ali ndwii. Ankati m'magalasimo mwalowa chifunga. Kawiri konse anatchula mbalame yolakwika pamaso pa alendo, ndipo abwana anali atayamba kale kulankhula zopumitsa anthu pantchito.

Wokonzayo anafotokoza kuti kamtundu kaja sikanali litsiro. Ndi utoto wopyapyala umene amapaka dala kuti kuwala kuzilowa konse m'malo mobwerera. Ukachoka, zinthu zimaoneka zotuwa, makamaka m'mamawa. Anati atsopano amawapaka kambirimbiri, mpaka timagalasi tam'kati timene timakhotetsa kuwala, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi maso, kugula ena si kutaya ndalama ayi.

Chodabwitsa n'chakuti mtima wa mayiyo unakhala pansi. Ngati wolakwa anali iye, ndiye kuti vutolo linali ndi mankhwala. Kukalipiridwa anali wokonzeka. Makina ake osokera anali wokonzekanso kuwagulitsa.

Mawa lake anabwera ndi amuna ake. Anawauza zonse ali panjira, koma a Kabawi sanakalipe.

"Inuyo mayi, atakupatsani makwerero mungakweche ndi mwezi womwe," anatero, n'kuseka kuseka kosafika pamtima.

Wokonzayo anatulutsa m'kabati abwino koposa onse, galasi lake likunyezimira mobiriwira. Mayiyo ndiye anayamba kuyang'anamo. Anafuula kuti pawaya wamagetsi kutsidya kwa msewu pali njiwa ziwiri, ndipo akuona ngakhale kamzere kakuda kapakhosi. Anapatsira amuna ake magalasiwo mwachimwemwe.

A Kabawi anazunguza kagudumu kapakati. Anakazunguza mobwerera. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kuyang'ananso. Basi inadutsa, njiwa zija n'kuuluka, waya n'kutsala wokha.

"Awa ndiye magalasi," anatero a Kabawi. "Ndikuziona bwinobwino. Zonse ziwiri zili pompo."

Wokonzayo anayang'ana pawayapo, kenako anayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale. Mayiyo anamva chisoni chimene anali asanachimvepo pa zaka makumi atatu za banja lawo. Anali atapemphera kuti wolakwa akhale iyeyo, ndipo tsopano ngakhale mlanduwo anali atamulanda.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "zauluka kale."

A Kabawi sanatsitse magalasiwo msanga. Atawatsitsa, anawaika patebulo mosamala ngati dzira, n'kupapasa akale aja, n'kuwakoleka m'khosi.

"Chifungachi chinayamba musanakweche," anatero. "Ndimangofuna kuti chikhale cha galasi."

Wokonzayo anabwezera atsopano aja m'kabati. Pakhomo la sitoloyo panali sitepe imodzi yotsikira mumsewu. Atafika pamenepo mayiyo anawagwira amuna ake pachigongono, ndipo kwa nthawi yoyamba a Kabawi sanachotse mkono wawo.