Esnat Akudikira Lolemba

Esnat anali ataimanso pa mpanda wa sukulu ya mkaka, kapu ya phala ili m'manja, osamwa. Nkhungu ya chiperoni inali itaphimba minda yonse ya tiyi, moti othyola ankangomveka mawu osaoneka.

"Esnat, phalalo likuzizira," anatero a Lestina, mayi amene ankasamalira ana a anthu ogwira ntchito pa esitetiyo.

"Ndikusungira Anti Katrin. Lero ndi Lolemba."

Linali Lolemba lachitatu mwanayo akunena zomwezo.

Katrin anali mtsikana wa ku Germany amene anabwera kudzathandiza ana mongodzipereka. Chichewa chake chinali chopotoka, ana ankamuseka, iye n'kumaseka nawo. Lachisanu lililonse ankabereka chikwama, kukwera kabaza mpaka ku Luchenza, n'kukagwira minibasi. Sabata ino ku Milange, inayo ku Tete.

"Iwe mapazi ako amayabwa," ankatero a Lestina. "Agogo athu anachoka ku Mozambiki komweko wapansi, njala ili m'mimba. Iwe ukupita kukajambula zithunzi!"

Esnat anali ndi zaka zinayi. Chimwalirireni amayi ake anakhala miyezi isanu osatulutsa liwu. Mawu ake oyamba anawalankhula ali pamiyendo pa Katrin, akumukoka tsitsi. Kuyambira pamenepo sankafuna kuti wina aliyense amupukute mamina kapena kumuveka juzi.

Ulendo womaliza Katrin anapita kukaona mapiri a ku Gurue. Minibasi imene anakwera pobwerera inagubuduzika. Sanafe, koma anathyoka chiuno, ndipo makolo ake anamutenga pa ndege kuchokera kuchipatala komweko. Patapita masiku anayi, galimoto ya bungwe limene linamutumiza inabwera kudzatenga sutikesi yake. Ana atafunsa, a Lestina anangowatonthoza.

"Abwera Lolemba," anatero.

Ana ena anaiwala. Esnat sanaiwale. Ankati wamuona Katrin m'mizere ya tiyi atavala juzi yofiira, akumukodola. Ankasiya malo pamkeka, mnzake akakhalapo n'kumukankha. Nawonso a Lestina anayamba kudzidzimuka belu la kabaza likalira. Tsiku lina anaona munthu wamtali akutuluka m'nkhungu, chinthu chili kumsana, n'kuganiza kuti ndi Katrin. Anali mayi wina ndi dengu la tiyi.

Masana a Lolemba lachitatulo, bambo a Esnat, a Stewart, atachoka ku sikelo yoyezera tiyi, sanangomutenga mwana monga mwa masiku onse. Anavula chipewa n'kuima pakhomo.

"Amayi, mwanayu kunyumba wasiya kudya. Akangofika amakakhala pamsewu mpaka ndikamunyamule."

"Ndalakwa ndine, bambo a Esnat. Ndinamunamiza. Mzungu uja sabweranso."

A Stewart anayang'ana pansi, akupinda chipewa chija.

"Si inu nokha," anatero. "Tsiku la maliro tinamupititsa kwa azakhali ake ku Nchilamwela. Atabwerako ndinamuuza kuti amayi ake apita ku Luchenza kukagula mchere. Sindinasinthe mawu mpaka lero. Pamsewupo sindikudziwa kuti amadikira ndani."

A Lestina anali atalera ana pa esitetiyo zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankadziwa kutonthoza mwana ndi bodza laling'ono. Sanaganizepo kuti mwana angalisunge bodzalo chonchi.

Anapita pa mpanda paja, nagwada kuti maso awo alingane ndi a mwanayo.

"Esnat, tamvera. Anti Katrin anavulala pa galimoto. Akuchira, koma ali kwawo, kutali kwambiri. Anapita pa ndege. Sabwera Lolemba lino, ngakhale linalo. Ndinakuuza zabodza, mwanawe. Pepa."

Esnat sanalire. Anawayang'ana a Lestina, kenako anayang'ana kumsewu kumene nkhungu inali itayamba kuyera.

"Nanga amayi? Nawonso anakwera ndege ku Luchenza?"

A Lestina anatembenuka n'kuyang'ana a Stewart. Bamboyo anabwera pang'onopang'ono ngati wasenza katundu, nakhala pansi pa udzu wonyowa, n'kumuika mwanayo pamiyendo.

"Ayi, mama. Amayi ako sanapite ku Luchenza. Anadwala, anamwalira. Anagona kuseri kwa tchalitchi chathu chija."

"Pafupi pompaja?"

"Pompaja."

"Ndiye bwanji sabwera?"

A Stewart anangomukumbatira. Mwanayo ndiye anayamba kulira, kulira kwenikweni kokweza, kumene sanalire chichokereni amayi ake. Ana ena anathamangira pakhomo kudzaona. A Lestina anawabweza onse m'kati, natseka chitseko, n'kuyambitsa nyimbo ya manambala. Sanasiye kuimba mpaka kunja kutakhala chete.