Foda ya a Injiniya

Dzina loti Injiniya bambo ena analitola ku ofesi tsiku lina pulinta itameza pepala. Anzawo anali ataizungulira ngati wodwala, wina akuimenya m'mbali, wina akuizimitsa n'kuiyatsanso. Bambowo anangotsegula kachitseko kakumbuyo, n'kukoka pepala lokwinyikalo, makina n'kuyamba kuyenda. Ntchito yawo yeniyeni inali yodinda makalata ndi kuwasanja m'mashelefu, koma kuyambira tsiku limenelo aliyense ankawaitana Injiniya, ndipo iwo sanaone chifukwa chokanira. Ngakhale kayendedwe kanasintha.

Ndiye akazi awo, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, atayamba maphunziro owonjezera a pa intaneti n'kudzigulira laputopu, bokosilo silinafike n'komwe m'manja mwa mwiniwake. A Injiniya analilandira pakhomo. Anafotokoza kuti kompyuta yatsopano siyatsidwa mwachisawawa ngati wailesi, pamafunika munthu wodziwa, ndipo mwamwayi munthu wodziwayo anali m'nyumba momwemo. Akazi awo anali ndi mulu wa makope oti achonge, choncho anangogwedeza mutu n'kuwasiya.

Bambowo anapukuta tebulo, anathamangitsira ana panja, n'kuvala magalasi. Kompyutayo inafunsa chilankhulo, iwo anayankha. Inafunsa za intaneti, anayankha. Kenako inafunsa kuti amene azigwiritsa ntchito kompyutayi ndani. Apa mutu sunafunsidwe n'komwe, zala zinadziwa zokha. Zinalemba kuti Injiniya, n'kudina batani.

Anazindikira patapita kanthawi kuti katunduyu si wawo, koma sanade nkhawa. Anapeza posinthira dzina limene limaoneka munthu akamatsegula, anafufuta Injiniya n'kulemba Amayi, anaikapo ndi kachithunzi ka duwa. Popereka laputopuyo anachita kuigwira ndi manja awiri ngati ndi iwo aigula.

Chimene katswiriyu sankadziwa n'chakuti kompyuta imatenga dzina loyamba limene wailembera n'kulipatsa foda yaikulu, mmene mumakhala zonse za munthuyo: zolemba, zithunzi, chilichonse. Dzina la pakhomo ukhoza kulisintha mmene ungafunire, koma la fodayo limakhala lomwe lija. Zili ngati kusintha chikuto cha kope pamene m'kati mwalembedwa kale dzina la wina ndi bolopeni.

Akazi awo analimbikira. Akaweruka kusukulu ankakhala patebulo paja, nsapato atavula, akutaipa ndi zala ziwiri. Ankalemba za ana amene amakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumangoyendetsa milomo anzawo akamawerenga, ndi mmene iwo amawagwirira anawo popanda kuwachititsa manyazi. Ankalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Mphunzitsi wawo wa pa intanetiyo anayamikira chigawo choyamba, ndipo anawapempha kuti adzaonetse anzawo m'kalasi.

Tsiku la kalasilo a Injiniya anali kuchipinda, chitseko chili chotsegula. Akazi awo anadina poti anzawo onse aone sikirini yawo, n'kuyamba kufufuza fayilo. Pamwamba pa sikirini panaoneka mzere wosonyeza kumene fayiloyo ili, ndipo dzina lalikulu pamzerepo linali Injiniya. Mnzawo wina anafunsa akuseka kuti Injiniyayo ndani. Iwo anayankha kuti ndi amuna awo. Wina anati anthu ena ali ndi mwayi, ali ndi owalembera kunyumba. Mphunzitsi uja sanaseke. Ananena mwaulemu kwambiri, ulemu wopweteka uja, kuti kuthandizidwa kunyumba n'kwabwino, koma ntchito yomaliza iyenera kukhala ya wophunzira mwini.

Tinene zoona, chinthu choyamba chimene a Injiniya anamva kuchipinda kuja chinali kukoma. Dzina lawo latchulidwa pa intaneti, pamaso pa anthu ophunzira. Kukomako kunatha atatuluka n'kuona nkhope ya akazi awo.

Mayiwo sanakweze mawu. Anatseka laputopuyo pang'onopang'ono.

"Abambo, mawu aja ndawalemba ndekha. Inu simunawerengeko ngakhale tsamba limodzi."

"Ndi kanthu kakang'ono aka, amayi. Ndikonza."

"Sindikufunsa ngati n'kakang'ono. Ndikufuna ntchito yanga ikhale yanga."

Loweruka m'mawa, akazi awo akuchapa panja, a Injiniya anavalanso magalasi. Anapeza foda ija, anadina poti asinthe dzina, kompyuta inakana. Inati fodayo ikugwiritsidwa ntchito. Anayesanso, inakananso, ndipo zinawapsetsa mtima kuti makina amene anawayatsa okha akuwayankha chonchi. Anatenga foni n'kupeza vidiyo ya bambo wina amene ankafotokoza nkhani yomweyi. Bamboyo ankalankhula modekha kwambiri, ndiye a Injiniya, pokhala munthu wodziwa, anaonera poyambirira, n'kudumpha pakati ponse, n'kuonera pothera pamene zonse zinali zitatheka.

Analowa m'kompyutamo ngati woyang'anira, amene amaloledwa kusintha chilichonse, ndipo ulendo uno foda inalola. Anafufuta Injiniya, analemba Amayi, anazimitsa n'kuyatsanso, atapinda manja pachifuwa.

Kompyutayo inadzuka ngati nyumba imene anthu asamukamo. Chithunzi cha ana chimene akazi awo anaika pa sikirini kunalibe. Mafayilo amene ankakhala pakona kunalibe. Panangotuluka uthenga waulemu wonena kuti sikutha kulowa mu akaunti yawo. Ntchito yomaliza ija inkafunika kutumizidwa sabata yomweyo.

Kudzera pawindo bambowo ankaona akazi awo akufinya shati yawo ya ku ofesi, akuimba chapansipansi. A Injiniya anayamba kufufuza woti amunamizire. Magetsi anali asanathime. Ana anali kwa azakhali awo. Akusitolo anali kutali, komanso laputopuyo inali bwinobwino mpaka pamene katswiri anaigwira. Anaona kuti m'nyumba monse wolakwa analipo mmodzi, ndipo anali atavala magalasi. Anachita mantha enieni, mantha oti mayiyu akalowa adzawayang'ana osanena kanthu.

Analowanso ngati woyang'anira. Foda ija inalipo, zolemba zonse zili m'kati, kungoti kompyuta inkazifunafuna pa dzina lakale n'kusazipeza. Panalibe kuchitira mwina. Anafufuta Amayi n'kulembanso Injiniya, chilembo chimodzichimodzi, ndipo sanadanepo ndi mawu ngati mmene anadanira ndi amenewo. Atayatsanso, ana anabwerera pa sikirini akumwetulira, mafayilo ali pakona pawo.

Apa ndi pamene anaonera vidiyo ija yonse, mofatsa ngati mwana wa kumbuyo kwa kalasi. Pakati paja, pamene anadumpha, bamboyo anachenjeza kuti kusintha dzina la foda pakokha kumasokoneza zonse. Anati njira yosavuta n'kutsegula akaunti yatsopano ya pa kompyuta pomwepo, osati yolowera ndi imelo, chifukwa ya imelo imadzisankhira dzina la foda yokha. Ukatero umalemba dzina limene ukufuna poyamba penipeni, kenako n'kusamutsira mafayilo mmenemo. Anawonjezera kuti munthu aganize kaye asanalembe, chifukwa dzinalo ndi limene likhale.

A Injiniya anakopera zolemba zonse pa fulashi, ndipo anaonetsetsa kawiri kuti zalowadi. Anatsegula akaunti yatsopano. Funso lija linabweranso, loti amene azigwiritsa ntchito kompyutayi ndani. Ulendo uno anaganiza kaye, anakhutira ndi nzeru zawo, n'kulemba kuti Amayi.

Akazi awo analowa ndi beseni lopanda kanthu, manja ali onyowa. Bambowo anawafotokozera kuti nkhani yatha, akungomalizitsa, ndipo za nyumba yosamukamo ija sanazitchule. Mayiwo anawerama n'kuwerenga pa sikirini.

"Amayi ndi ndani?"

"Ndinu amene."

"Ndine mayi wa ana anu, inde. Kusukulu ndine Madamu. Kwanu ndine mlamu. Nanga amene walemba ntchito ija ndani?"

Akazi awo anapukuta manja pa diresi, anakokera laputopuyo kwa iwo ali chiimire, n'kufufuta mawu aja. Ndi zala zawo ziwiri zija analemba dzina lawo lenileni, limene anapatsidwa ndi makolo awo, limene linali pa satifiketi yawo ya uphunzitsi. Anadina batani okha.

Kompyuta inazungulirazungulira, kenako inawalonjera ndi dzinalo. Bambowo anatsegula pamene pamakhala mafoda, ndipo linali pamenepo, pansi pa Injiniya, lili lokha popanda duwa. Analiyang'ana kwa nthawi yaitali. Ankalidziwa bwino, analilembapo pa maenvelopu ambiri ali mnyamata, koma anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene analitchula ndi pakamwa, ndipo anapeza kuti mwana wawo woyamba anali asanabadwe. Chisoni chinawagwira, chosakanikirana ndi manyazi.

Analitchula chapansipansi, mongoyesa, ndipo linatuluka mouma ngati nsapato yatsopano. Akazi awo anatembenuka msanga, maso ali pa iwo.

"Mwati bwanji?"

A Injiniya anavula magalasi, anaika fulashi ija pafupi ndi dzanja la akazi awo, n'kunyamuka pampando.