Amene Anafa M'buku Lachinayi

Telala anali atafika pakati pa mpendero wa thalauza pomwe anazindikira kuti wasokera limodzi miyendo yonse iwiri. Sanadabwe. Maso ake sanali pa singano. Anali pa buku lochindikala lomwe analitsegula pambali pa makina, atalitsindira ndi simbi yozizira kuti lisatsekeke. Mwini thalauza, mlonda wa pachipata cha fakitale, anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati masiku ano a Telala ayamba kusokera nsomba. Telala anaseka, anapepesa, nalonjeza za mawa. Mlonda anayang'ana wotchi yapakhoma n'kunena kuti akudziwa kale: ikangoti 3 koloko pano pamatsekedwa, ngakhale mkwatibwi atabwera akulira diresi lili m'manja.

Yendani mizinda yonse imene mungathe, kwerani ndege, tsikani, kwerani zombo, simudzapeza mkaidi womangidwa mwaluso ngati Telala ameneyu. Ndende yake inalibe waya kapena msilikali. Inali ya mabuku khumi ndi limodzi, lililonse lolemera ngati njerwa, ndipo anaimanga yekha ndi pakamwa pake.

Apongozi ake, omwe aliyense ankawatcha a Sitima chifukwa anayendetsa sitima yapamtunda zaka makumi atatu, anagwa ndi sitiroko zaka zinayi m'mbuyomo. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, maso anachita ng'ala. Anawatengera kunyumba kwa Telala, m'chipinda chakumbuyo cha zenera limodzi loyang'anana ndi khoma la anansi. Munthu wozolowera kuona mapiri akuthawira kumbuyo anatsala ndi denga lokha, nalonso lachimbuuzi. Anasiya kulankhula. Kudya kunali kochita kuwanyengerera.

Mlamu wake wa Telala, mng'ono wa mkazi wake, mphunzitsi wa kusekondale, ndiye anabweretsa buku loyamba la nthano yaitali yotchedwa Zilumba za Unyolo. Inali nkhani ya dziko losweka zidutswazidutswa, zilumba zolendewera m'mitambo, zolumikizidwa ndi maunyolo aakulu ngati milatho. Anangolisiya n'kubwerera kusukulu kwake. Bukulo linali la Chingerezi chokhwima, ndipo a Sitima ankati Chingerezi chawo chinathera pa zikwangwani za m'mbali mwa njanji. Choncho Telala ankawerenga ndime chamumtima, n'kuifotokoza m'chilankhulo cha pakhomo, mawu a mafumu akuwakuza, a mfiti akuwafinya pakhosi. Pa ntchito imeneyi anali katswiri kuposa pa makina. Tsiku lachitatu a Sitima anafunsa funso, loyamba m'miyezi iwiri. Kuchokera pamenepo 3 koloko inasanduka lamulo.

Amene anawadzutsa sanali mfumu kapena ngwazi. Anali munthu wamba wa m'mphepete mwa nkhani, woyendetsa ngolo yamoto pamwamba pa maunyolo aja, ndipo anali ndi dzanja limodzi. Telala anamupatsa dzina loti Dzanjalimodzi. A Sitima ankamulangiza ali chigonere, kuti asamange mabuleki pokhota, kuti azimvetsera kulira kwa mawilo. Ankakwiya naye, ankamunyadira.

M'buku lachinayi mlembi anamupha. Mizere itatu yokha: unyolo unaduka, ngolo inagwera m'mitambo, nkhani n'kupitirira ngati kwafa nkhuku. Tsiku limenelo a Sitima anali atangotuluka m'chipatala, akupuma wefuwefu. Telala anayang'ana mizere itatu ija, anayang'ana dzanja lakufa lili gone pa bulangeti, ndipo ananena kuti Dzanjalimodzi pogwa anagwira unyolo wina ndi mano.

Ankayesa ndi bodza la tsiku limodzi. Koma munthu ukamuukitsa amafuna pogona ndi chochita. M'mawa mwake a Sitima anafunsa kuti watsika bwanji pa unyolopo, ndipo mano sanaguluke? Zaka zitatu, mabuku asanu ndi awiri, Telala anakhala akusokerera wakufa m'nkhani ya eni ake ngati chigamba pa suti. Mutu uliwonse ankauwerengeratu kushopu m'mawa, kufunafuna kampata komulowetsera. Anamupezera ngolo yatsopano, anamumangitsa, anamuthawitsa, anamukwatitsa. Kope la miyeso ya makasitomala linadzaza ndi zosayenera: chiuno 34, mapewa 18, ngolo ili ndi mawilo asanu ndi atatu, mkazi wake ndi woyembekezera, osaiwala. A Sitima thupi linafa mbali imodzi koma mutu unali wonse. Ukalakwitsa wilo limodzi ankakuimitsa pomwepo ngati pasiteshoni.

Ndiye panalibe wina woti n'kuwerenga m'malo mwake. Ku ukwati wa mphwake Telala anachokako anthu asanayambe kuvina. Ku maliro a mnzake wapamtima anazemba mwambo uli pakati. Malungo atamugwira anawerenga akunjenjemera. Makasitomala ena anatopa n'kusamukira kwa telala wa kuseri kwa msika, munthu wosadziwa n'komwe kudula kolala. Mkazi wake, wosadziwa kalikonse za chigamba chija, ankauza anansi kuti mwamuna ngati wakeyo Mulungu anaumba mmodzi n'kuswa chikombole. Telala akati adandaule pang'ono, mayiyo ankamusisita paphewa n'kumukumbutsa kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Chimodzi chokha chinkamulimbitsa mtima. Pachikuto cha mabuku onsewo panalembedwa kuti nthanoyi idzathera pa buku lakhumi ndi chiwiri. Telala anali atakonza kale zonse: adzamangira Dzanjalimodzi kanyumba pa kachilumba kabata, adzamupumitsa ntchito mwaulemu, adzatseka buku, ndipo mawa lake 3 koloko idzamupeza akuponda makina ngati munthu mnzathu.

Mlonda atangochoka, pakhomo panatulukira mlamu, chikwama paphewa, phukusi m'manja. Sukulu zinali zitatsekera dzulo lake. Anaika phukusi pa tebulo lodulira nsalu ndipo tebulo linadandaula. Telala anang'amba pepala ndi sizasi. Linali lenilenilo, lakhumi ndi chiwiri, latsopano, lonunkhira guluu. Analinyamula ngati khanda, navina nalo kuzungulira makina, akuuza mlamu wake kuti asankhe nsalu iliyonse m'shopumo, amusokera diresi loti ahedi akaliona akaimirire.

"Linda madzi apite, alamu, ndiye muziti ndadala," anatero mlamu, akukhala pa mpando wa makasitomala. "Ndadzera kunyumba. Ababa andifunsa ngati ndikudziwa dzina loyenera mwana wa Dzanjalimodzi."

Telala anaima mwendo uli m'mwamba.

Mlamu anafotokoza mosafulumira, ngati akuwerengera kalasi zotsatira za mayeso. Mabuku onsewo iye anawawerenga, ena kawiri. Woyendetsa ngolo uja anamuika m'manda ali m'buku lachinayi, ndipo anamuiwala. Lero wamva kuti munthuyo ali moyo, wonenepa, wapabanja, ali ndi ngolo ya mawilo asanu ndi atatu. Anatola kope la miyeso, nalitsegula pakati, nawerenga mokweza kuti mapewa 18, apongozi a Dzanjalimodzi ndi mfiti. Anaseka mpaka misozi. Anati ankadziwa kuti matelala ndi abodza, Lachisanu lawo silifika, koma wa mtundu uwu, woukitsa akufa, sanamuonepo.

Telala anakhala pansi. Anamuuza za tsiku la kuchipatala lija, za dzanja pa bulangeti. Mlamu anasiya kuseka. Kenako Telala anagwira buku latsopano n'kunena kuti zonsezo zatha tsopano, amulole angomaliza lokhali, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nkhani ithe mwamtendere.

Mlamu anatenga bukulo, analitembenuza, natsegula tsamba lomaliza, pamene mlembi amathokoza owerenga. Analoza ndi chala. Telala anawerenga kawiri. Mlembi, munthu wosadziwa chisoni, ankati nkhani yamukulira m'manja, sangathe kuitsekera pano, ndipo ndi wokondwa kulengeza kuti kukubwera mabuku ena atatu.

Kunja wina ankaliza hutala ya galimoto osalekeza. M'shopumo munali fungo la nsalu yopsa ndi simbi ndi mafuta a makina. Telala anayang'ana malaya a anthu olendewera pa msomali, ena a miyezi iwiri, ena eni ake atasiya n'kufunsa komwe.

"Munthu ameneyu ali ndi zaka zingati?" anafunsa.

"Mlembiyo? Ndi wamng'ono kwa inu. Amathamanga m'mawa uliwonse."

Mlamu ndiye anamutsegulira khomo lothawira. Anati lero awerenga ndi iyeyo, ndipo awerenga zomwe zalembedwa. Ababa akafunsa, awauza zoona, kuti munthu uja anafa kalekale. Akwiya, mwina sabata, mwina mwezi, koma ndi bambo ake, akuwadziwa, anaikapo anzawo ambiri m'manda. Pambuyo pake aliyense adzatha kuwawerengera: iye patchuthi, achemwali ake madzulo, ngakhale foni imatha kuwerenga mabuku masiku ano. Telala ntchito yake ndi imodzi yokha, kutseka pakamwa. Akangokhala chete mphindi imodzi, wamasuka.

Telala anavomera. Anatseka shopu, nayenda kumbuyo kwa mlamu wake ngati wopita kukazula dzino.

Chipinda cha a Sitima chinali monga mwa masiku onse: bedi, ndowa, botolo la mafuta opaka, mabuku akale aja ataunjikidwa pansi pa zenera, ndi mpando umodzi womwe khushoni yake inali italowa m'kati mofanana ndendende ndi thupi la Telala. Mkazi wake anali momwemo akuwamwetsa tiyi. Mlamu anakhala pa mpando uja n'kulengeza kuti buku latsopano lafika, ndipo lero owerenga ndi aphunzitsi enieni.

A Sitima anatembenuzira mutu kukhomo, kumene anamva kupuma kwa Telala. "Mwatopa nane, akamwini? Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Mkazi wa Telala anawadzudzula moseka kuti munthu wawerenga zaka zinayi osajomba, apumeko tsiku limodzi. Telala anayesa kuseka nawo. Anatsamira pa felemu ya chitseko. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, 3 koloko inamupeza manja ali lendee, opanda kanthu. Kuseri kwa khoma la anansi wailesi inkaulutsa mpira. Anaganiza za thalauza la mlonda, kuti akhoza kukalisula lero lomwe. Anaganiza zokwera basi Loweruka, kupita kulikonse, n'kubwerako dzuwa litalowa.

Mlamu anawerenga bwino, mokhulupirika, liwu ndi liwu. Mafumukazi asanu a zilumba anasonkhana kukambirana za nkhondo, ndipo aliyense analankhula nthawi yaitali. A Sitima anamvetsera mwaulemu, monga munthu amamvetsera zolengeza za m'tchalitchi. Tsamba linatembenuzidwa, lina, linanso. Kenako anatsokomola.

"Zonsezi ndamva, mwanawe. Koma mafumukaziwa afika bwanji kumsonkhanoko? Wawanyamula ndani?"

Mlamu anaika chala pa mzere umene analekezera. Anayang'ana Telala kamodzi, kumukumbutsa pangano. Kenako anapumira m'mwamba.

"Ababa, munthu amene mukumufunsayo..."

Telala anaona dzanja lamanzere la a Sitima, lamoyo lija. Linali litanyamuka pa bulangeti, zala zitafumbata mpweya, chigongono chitapindika, lokonzeka kukoka chogwirira cha mabuleki chomwe munalibe m'chipindamo. Nkhope yonse inali itatembenukira ku buku, pakamwa pali yasa pang'ono, ngati munthu woima papulatifomu amene wamva njanji ikunjenjemera.

"Alamu, mwalumpha," anatero Telala. "Masamba awiri amatana. Mabuku atsopano amatero, guluu amakhala asanaume."

Anali atafika kale pa mpando, dzanja atatambasula. Mlamu sanalipereke msanga. Anagwira mbali imodzi ya bukulo, Telala mbali inayo, ndipo mlamuyo analankhula motsitsa kuti bambo ake asamve.

"Atatu ena, alamu."

"Ndawerenga nawo."

Mlamu anasiya bukulo n'kuimirira. Telala anakhala, khushoni n'kumulandira. Anasisita tsamba ndi chala chachikulu kuti limveke ngati likumatuka. Patsogolo pake panali mfumukazi yachitatu, idakalankhulabe za misonkho ya zilumba, ndipo inkaoneka kuti ilankhula mpaka mutu wotsatira.  Ananena kuti msonkhano uli m'kati, kutali m'chifunga kunamveka likhweru, kawiri mwachidule, kamodzi motalikitsa.

"Ndi iyeyo," anatero a Sitima. "Wachedwa, koma ndi iyeyo. Ana inu, tulukani ngati simukumvera nawo. Ndipo mutitsekere chitseko."

Mlamu anatuluka pambuyo pa achemwali ake, nakoka chitseko mpaka loko analira.