Nsapato ya Dailesi Inali Kudenga

M'mawa wa Lamulungu la Pasaka, nsapato ya Dailesi inakana kulowa.

Sinali nsapato wamba ayi. Inali ija ya kuchipatala, ya zitsulo ziwiri zokwera mpaka m'ntchafu ndi malamba achikopa omangira pabondo. Dailesi anadwala poliyo ali wamng'ono, mwendo wakumanzere n'kufota, bondo n'kupindika. Chaka cham'mbuyo madokotala ku Zomba anamuchita opaleshoni, n'kumuika chikhakha kuti bondo liwongoke. Atachotsa chikhakhacho anamupatsa nsapatoyi ndi ndodo. Mwana amene ankakwawa anayamba kupita yekha kusukulu.

Tsono lero mayi ake, a Rozi, anali atagwada pamphasa, thukuta kamukamu, akukankha kaphazi kuti kalowe.

"Amayi, mukundipweteka!" analira Dailesi.

"Wongola mwendowo, iwe!"

"Ukukana."

A Gerishomo, bambo ake, anaima pakhomo, nsapato zawo atazikoleka paphewa. "Amake Dailesi, kodi simukulowetsa chozondotsa? Belu lalira kale."

"Bwerani mulowetse ndinu, poti mumadziwa zonse," anayankha a Rozi.

Anayesa nawonso, koma ayi ndithu. Phazi linali litakula, ndipo bondo linali litabwerera mwakale, lopindika. Tsiku limenelo ana a Sande sukulu anaimba popanda Dailesi.

Kuti mumvetse, muyenera kuwadziwa a Gerishomo. Anali msodzi wa matemba ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, ndipo ankalimanso mpunga kwa Mwambo. Munthu wabwino, wokonda ana ake, koma pa nkhani yosamala zinthu, eee, analibe mnzake. Nsapato zimene anakwatira nazo zinali zikadanyezimira. Popita kutchalitchi ankayenda chosavala, n'kukatsuka mapazi pachitsime cha pafupi ndi tchalitchi, n'kuvala. Potuluka ankavulanso. Ndipo tisawaseke kwambiri, chifukwa masiku amenewo ambiri a ife tinkatero.

Mvula itayamba, Dailesi anabwera kuchokera kusukulu nsapato ili matope okhaokha, kamsomali ka palamba katazuka. Makande a ku Chilwa mukuwadziwa, sachita manyazi ndi chinthu cha munthu.

"Katundu wa boma ameneyu," anatero a Gerishomo. "Akawonongeka tikayankha chiyani? Tiisunge mpaka kuume."

"Kuchipatala anati azivala tsiku lililonse," anatero a Rozi.

"Iwowo amayenda pamsewu wa tala ku Zomba. Matope athu ano anawapondapo?"

A Gerishomo anaitsuka nsapato ija, anaipaka mafuta, anaikulunga m'pepala la simenti, n'kuipachika kudenga pafupi ndi zawo. Dailesi anabwerera kokwawa. Dzinja lonse analithera pakhonde, akuyang'ana anzake akudutsa ndi mabuku.

Litapita sabata la Pasaka, panjira panamveka belu la njinga.

"Odi kuno!"

"Odini! Fikani, a zaumoyo."

Anali a Fanuelo, wa zaumoyo wa m'deralo, amene anthu ankawadziwa ndi nkhani za zimbudzi ndi mankhwala othira m'zitsime. A Gerishomo anayamba kudziteteza asanafunsidwe n'komwe.

"Chimbudzi chathu chili ndi chivundikiro, bambo. Kapenyeni nokha."

A Fanuelo anaseka. "Lero sindinabwerere chimbudzi. Ndabwerera Dailesi. Aphunzitsi ake, Mayi Virginia, andiuza kuti chiyambire mvula sanamuone."

"Chiyambire mvula, n'kumafunsa lero?" anatero a Rozi, mtima uli m'mwamba.

"Mwafunsa zoona, mayi. Aphunzitsiwo ankayesa kuti ali kumpunga monga ana ena. Ine ndimaona ana a kusikelo, ndipo Dailesi anapitirira msinkhu umenewo. Akuchipatala ankadikira kuti mubwera naye. Aliyense ankati mnzake akuona. N'chifukwa chake boma lakonza kuti mwana ngati Dailesi azikhala ndi munthu mmodzi womutsatira, wolumikiza makolo, aphunzitsi ndi achipatala. Kuno munthu wake ndine. Nanga nsapato ija ili kuti?"

Apa nkhope ya a Gerishomo inawala. Analowa m'nyumba, anaitsitsa, n'kuimasula pamaso pa mlendo.

"Onani, bambo. Ngati ya dzulodzulo. Palibe angatinene kuti tinawononga katundu wa boma."

A Fanuelo anaitembenuza, n'kuyang'ana kunsi kwake. Kunali kosaperepeseka ngakhale pang'ono.

"Chimene chikundimvetsa chisoni n'chimenechi," anatero. "Dailesi, tagona chagada pamphasapa, mwanawe. Wongola miyendo yonse."

Mwendo wakumanja unagona bwinobwino. Wakumanzere unatsala bondo lili m'mwamba. A Fanuelo anapisa dzanja pansi pa bondolo, dzanja n'kudutsa osakhudza kanthu.

"A Gerishomo, ukonde wanu uli kuti?"

"Uli kunyanja."

"Bwanji simuupachika kudenga? Madzi auwononga."

"Aa, bambo! Ukonde wa kudenga ungaphe matemba?"

Atangonena zimenezo anazindikira kumene nkhani ikupita. Anayang'ana nsapato, anayang'ana bondo la mwana.

"Nsapato imeneyi si ya tchalitchi," anapitiriza a Fanuelo mofatsa. "Ndi mankhwala. Zitsulozi zimagwira bondo kuti lisapindikenso. Mwana akamakwawa, mitsempha imakokana. Ndipo phazi la mwana silidikira kuti kuume, limangokula. Nsapato ikatha kapena ikachepa, achipatala amapanga ina. Palibe amene amangidwa chifukwa mwana wayenda."

"Ine ndinanena," anatero a Rozi, misozi ili m'maso. "Ndinanena ine, koma mawu a mkazi amagwera m'madzi."

A Gerishomo anatembenukira kwa a Fanuelo. Anafunsa ndi mawu otsika. "Ndiye kuti mwana wanga sadzayendanso?"

"Zimenezo ine sindingalonjeze kapena kukana. Akanena ndi odziwa za mafupa. Amabwera pagalimoto mwezi uliwonse kuchipatala chathu chaching'ono, ndipo akubwera Lachinayi. Mukabwere nonse awiri. Inu bambo musatume munthu, mukamve ndi makutu anu."

"Lachinayi matemba akugwa bwino..."

"Bambo a Dailesi!" anakuwa a Rozi.

"Ndamva, ndamva. Ndipita."

Lachinayi a Gerishomo anamukweza Dailesi panjinga yobwereka, n'kumakankha, a Rozi akutsatira ndi nsapato ija pamutu. Kuchipatala anapeza makolo ena ali pamzere. Wina anali ndi mwana wa khunyu, wina ndi mwana wosamva. Mayi Virginia analiponso, atapempha chilolezo kwa ahedi.

Dokotala wa mafupa analigwira bondo lija, analikoka pang'onopang'ono, Dailesi akuluma mano.

"Lauma, koma silinaumiretu," anatero. "Timuikanso chikhakha, tizichisintha mpaka liwongoke. Mukanadikira mpaka nthawi yokolola mpunga, bwenzi tikunena za mpeni kachiwiri, ndipo mwina osathandiza kwenikweni."

Dailesi anatembenukira kwa bambo ake. "Ababa, chikhakha chinanso? Nanga mayeso? Anzanga apita Sitandade 2 ine n'kutsala?"

A Gerishomo anasowa poyang'ana. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa anadziwa kuti palibe anawalakwira. Iwo eni ndi amene anapachika mwendo wa mwana kudenga.

Asanabalalike, a Fanuelo anawakhazika onse pansi pa mtengo wa mango.

"Tisachoke pano aliyense asanadziwe mbali yake," anatero.

Mayi Virginia anayamba. "Akajomba osadziwika chifukwa, sindidzangolemba kuti palibe. Ndidzatumiza mawu kwa a Fanuelo sabata lomwelo. Pamene ali m'chikhakha ndizimupatsira ntchito kudzera kwa anzake."

"Nanga kamsomali kakazukanso?" anafunsa a Rozi. "Zinayambira pamenepo. Tizipita ku Zomba chifukwa cha kamsomali?"

"Iyayi. Ndalankhula ndi a Mateyu, okonza njinga ku Kachulu aja, ndipo adokotala awaonetsa kakhomedwe kake. Za lamba ndi msomali muzipita kwa iwo. Koma chitsulo chikapindika, kapena mukaona chilonda pamene lamba limadutsa, musakonze nokha, mundiuze. Ine ndizibwera kudzayesa ngati nsapato ikukwanabe, ndipo tsiku la galimoto likayandikira ndizikukumbutsani."

"Ine mbali yanga ndi iti?" anafunsa a Gerishomo.

"Kumuveka m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa," anatero dokotala. "Matope amatsukika."

Chikhakha chinatenga nthawi, ndipo sichinali chokoma. Dailesi mayeso anamudutsa, kalasi anabwereza. Zimenezo sizinabwezeke. Koma bondo linawongoka, ndipo anamuyesa nsapato ina yokulirapo. Yoyamba ija, yatsopano chikhalirecho, anaibweza kuti ikathandize mwana wina.

Dzinja lotsatira mvula inagwa ngati yachita kutumidwa. M'mawa uliwonse a Gerishomo, asanapite kunyanja, ankagwada n'kumanga malamba. Akagona kuzimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pamabango tija, ankamanga ndi a Rozi. Lamba linaduka, a Mateyu anasoka. Tsiku lina Dailesi anajomba chifukwa cha malungo, ndipo a Fanuelo anafika pakhomo malungowo asanathe n'komwe.

Pofika Pasaka wina, nsapato inali itatheratu. Kunsi kunali kutabooka, chikopa chitayera ndi matope. Tsiku la galimoto a Gerishomo anainyamula poyera, osakulunga. Pamzere panali bambo wina wachilendo, mwana ali pamiyendo, kamtolo kokulunga bwino kali m'khwapa. A Gerishomo anakayang'ana kamtoloko, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, m'menemo muli nsapato ya mwanayu?"

"Eya. Timaisunga, matopewa."

"Masulani mumuveke pompano. Ine ndinasunga yanga, mwana n'kutaya chaka chasukulu." Anakweza nsapato yobooka ija m'mwamba. "Mukuiona iyi? Yatha. Wathetsa ndi uyo akubwera apoyo."

Bambo uja anacheuka. Dailesi anali kudutsa pabwalo la chipatala ndi ndodo yake, yunifolomu ili ndi madontho a matope, akukangana ndi mnzake za nyimbo ya Pasaka.

Abale, mwana wolumala kapena wa matenda okhalitsa sasamalidwa ndi munthu mmodzi. Makolo, aphunzitsi, a zaumoyo ndi achipatala azidziwitsana, ndipo pakhale mmodzi womutsatira mwanayo. Musaganize kuti wina akuona. Chimene mwapatsidwa kuchipatala, kaya ndi nsapato, ndodo kapena mankhwala, chigwire ntchito monga anakuuzirani. Chikavuta, funsani wa zaumoyo wa kwanu msanga. Nsapato ikatha amapanga ina, koma mwendo wa mwana ndi womwewo.