Madzi a mu Laputopu

Namwino anadina batani kachisanu, koma laputopu inangoti zii. Kanyali ka m'mbali sikanayake, fani sinalire. M'menemo munali kafukufuku amene anavutika naye zaka ziwiri, ndipo ku koleji ankamufuna tsiku lomwelo nthawi yoweruka isanakwane. Akapanda kutumiza, malo ake a maphunziro apamwamba akanapita kwa wina.

Anasintha soketi, anakabwereka chaja kwa aneba, koma sizinaphule kanthu. Mwamuna wake anali pakhonde akupukuta nsapato.

"Amayi, chinthu chikakalamba chimafa," anatero osadzutsa mutu. "Mwina ndi Mulungu akuti mukhale pakhomo."

Komabe anavomera kumuperekeza pagalimoto kwa wokonza makompyuta, mkulu wina amene anthu ankamutcha Magalasi. Malo ake anali kachipinda kopanikiza, kodzaza mawaya, kunsi kwa masitepe a sitolo ya nsalu.

Magalasi anayeza chaja, napeza kuti ili bwinobwino. Anachotsa batire n'kudina batani kwa theka la mphindi, osasiya. Palibe chinachitika. Ankaseka kuti lero namwino ndiye wabwera ndi wodwala, ndipo ayenera kudikira pabenchi ngati wina aliyense. Kenaka anamasula tizitsulo ta kunsi n'kutsegula. Kuseka kuja kunathera pomwepo. Pansalu imene anayala patebulo panadontha madzi.

Mwamuna uja anafulumira kunena kuti mwina mkazi wake anatayira yekha, pajatu amawerenga kapu ili pambali. Magalasi anagwira mabatani olembera, anali ouma. Anawayang'ana onse awiri, kenaka anatsitsa mawu.

"Mayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Madzi otayika mwangozi amalowera pamwamba. Awa alowera m'mabowo a fani. Munthu anachita kuitembenuza n'kuthira."

M'nyumba mwawo ankakhala awiri okha, poti ana onse anali kusukulu yogonera komweko. Namwino anangoyang'ana mwamuna amene anakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mpaka iye anayamba kuyankha yekha. Anati zaka ziwiri zimene mkazi akakhale kutali ku maphunzirowo si zocheza. Anati anzake ayamba kale kumuseka kuti posachedwa azimunyamulira chikwama dokotala wa m'nyumba. Anati anachitira banja.

"Mukanangondiuza kuti simukufuna, abambo," anatero namwino. "Tikanakangana ngati anthu."

Mwamunayo anatuluka kukakhala m'galimoto.

Bolodi ya m'kati mwa laputopu inali itapsa, yosakonzekanso. Magalasi anachotsa disiki, naipukuta, n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Kafukufuku anatseguka, koma mutu womaliza, umene namwino analemba sabata yonse yatha, unangotuluka zilembo zosamveka. Nthawi yoti aulembenso panalibe. Namwino anatumiza momwemo pakompyuta ya Magalasi, ndi kalata yaifupi yopepesa, osadziwa ngati akaulandire. Pa chifukwa analemba kuti kompyuta inawonongeka. Zoona zake anachita nazo manyazi, ngati kuti wolakwa ndi iye.

Panja hutala inalira kawiri. Namwino anaika disiki mu envulopu, naipisa m'thumba la yunifolomu. Anafunsa Magalasi ngati sitoloyo ili ndi khomo lina. Mkuluyo analoza kumbuyo, kumene amatsitsira mabelo a nsalu.

Anatulukira komweko, nakwera minibasi yopita kwa mchemwali wake wamkulu.